JEKE WA AGOGO: JOHN WAYNE POMUONERA M'MINDA YA TIYI

Pamsonkhano wathu wapitawu mnzathu wina adafunsa ngati nkoyenera kutha mapepala a magazini ano pokamba za kanema wa azungu, chikhalirecho ndakatulo zathu zikusowa malo. Funsolo nlabwino ndithu. Yankho langa ndi agogo anga aamuna, amene adathyola tiyi ku Thyolo kuyambira paunyamata mpaka msana udakana. Iwowa sadawerengepo buku la nthano, koma ukangotchula baisikopo nkhope yawo imawala. Amasimba za galimoto lobwera pa esiteti mwa apo ndi apo, nsalu yoyera yomangidwa pamitengo iwiri, ndi mzungu wa chipewa chachikulu wokwera pakavalo, amene iwo ndi anzawo ankamutcha Jeke. Chinthu chimene chidasangalatsa anthu ambiri chotere sitingachilambalale ife odzitcha ounika zaluso.

Dzinalo adalimva kwa obwera kuchokera ku migodi ya Northern Rhodesia. Hortense Powdermaker, amene adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, adalemba m'buku lake Copper Town kuti kumeneko ngwazi iliyonse ya kanema wa makauboyi inkatchedwa Jack. Tsono Jeke sadali munthu mmodzi, koma mwa onse ovala chipewacho wamkulu adali John Wayne.

Wayne adabadwira ku Iowa mu 1907, dzina lake lenileni Marion Morrison. Kanema woyamba kumuika patsogolo, The Big Trail wa 1930, sadabweze ndalama, motero adatha zaka pafupifupi 9 akusewera m'timafilimu totchipa, tojambulidwa mothamanga. M'menemo ndimo adaphunzira mayendedwe ake aja opendekera ndi kuyankhula kodukizadukiza. Mu 1939 John Ford adamtenga kukasewera mu Stagecoach, ndipo kuchokera apo dzina lake silidatsikenso mpaka The Shootist wa 1976, zaka zitatu asadamwalire. Mphoto ya Oscar adailandira kamodzi, kaamba ka True Grit wa 1969.

Kunena zoona, pa zaka zonsezi Wayne adasewera munthu mmodzi yemweyo: mwamuna wofika kudziko la eni ndi mfuti, nalisandutsa lake. Mu Stagecoach ankhondo a Aapache sapatsidwa mawu ngakhale pang'ono; ntchito yawo nkutulukira paphiri ndi kugwa pa akavalo. Mu The Searchers wa 1956 mfumu ya Akomanche, Scar, adaisewera ndi Henry Brandon, mzungu wobadwira ku Germany. Ngakhale pamene Wayne adabwera kufupi nafe kudzajambula Hatari! ku Tanganyika, kanema wotuluka mu 1962 dzikolo litangolandira ufulu, anthu akuda ali m'menemo ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu. Chipembere chili ndi gawo lalikulu kuposa iwo. Ndipo mu 1971 mwini wake adauza magazini ya Playboy kuti saona cholakwa pa kulandidwa kwa dziko la eni ake a ku America, pakuti obwerawo ankafuna malo ndipo eniwo ankaumira.

Mawu amenewa munthu wa ku Thyolo sawamva ngati nkhani ya kutali. Kuyambira 1892 Harry Johnston adapereka kwa azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo, ndipo gawo lalikulu la boma lathu lidagwera m'manja mwa makampani onga British Central Africa Company. Amang'anja adadzuka ali alendo pamanda a makolo awo. Alomwe ochokera ku Mozambique, monga makolo a agogo anga, adapatsidwa pomanga nyumba posinthana ndi thangata. Nanga usiku uja wa baisikopo, anthu ameneŵa pokuwa kuti Jeke amenye, ankachemerera mbali iti? M'nkhaniyo iwo sadali pakavalo wa Jeke. Adali paphiri paja, pamodzi ndi ogwawo.

Nkosavuta kuimira pomwepa ndi kunena kuti makolo athu adapusitsidwa. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka tchuthi chapitachi, pamene ndidabwereka laputopu ndi kuwaonetsa agogo Red River wa 1948, wotsogoleredwa ndi Howard Hawks. Adamzindikira msanga ndi mayendedwe. M'kanemayu Wayne ndi Tom Dunson, amene afika ku Texas, nauzidwa kuti malowo nga Don Diego, nayankha kuti Diegoyo adalandanso kwa ena, naombera mthengayo, kenaka nawerenga Baibulo pamanda ake. Patapita zaka 14 auyamba ulendo wokagulitsa ng'ombe zikwizikwi. Usiku wina wantchito wina akuba shuga m'ngolo, ziwiya zigwa, ng'ombe zibalalika ndi kuponda munthu mpaka kufa. Dunson atenga chikoti. Ena atathawa ntchito nagwidwa, iye afuna kuwapachika.

Pa chikoti paja agogo adandigwira mkono. "Iwe, taimitsa kaye. Ameneyu si Jeke ayi. Ameneyu ndi bwana." Adakhala chete pang'ono, kenaka adayamba kusimba za 1953, chaka chimene chipolowe chidabuka ku Thyolo chitayambira pa nkhani ya malalanje obedwa pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, anthu ali kale ndi mkwiyo wa thangata ndi Chitaganya. Anthu 11 adaphedwa m'chigawo cha kum'mwera. Shuga kapena malalanje, chiyambi nchaching'ono. Chachikulu ndi amene wagwira chikoti.

Pamenepa ndidaphunzira ziwiri. Choyamba, oonerera aja sadali mabotolo ongothiramo madzi. Chingerezi cha m'kanema sankachimva, ndipo nkhani ya malo a Texas sidawafike. Chimene ankaona ndi munthu wosavulira chipewa aliyense, woyankha nkhonya ndi nkhonya. Kwa munthu wotha tsiku lonse dengu lili kumsana, kapitawo ali pambuyo, kalaliki akumudula pa sikelo, Jeke adali iye mwini m'maloto. Adatenga m'kanema chimene ankachifuna, monga mayi apeta chimanga nataya mankhusu.

Chachiwiri chikhudza luso la Wayne. Iye amafika pachimake pokhapokha kanema akalola kuti nkhanza zobisika m'kati mwa Jeke zionekere poyera. Dunson ndi wotero. Ethan Edwards wa mu The Searchers, wofunafuna mwana wamkazi wa m'bale wake kwa zaka zambiri ndi mtima wofuna kumupha chifukwa wakhala mkazi wa Mkomanche, ndi woteronso, ndipo pomaliza chitseko chitsekeka iye ali kunja. Koma kumene Wayne adadzigwirira yekha chiwongolero, monga mu The Alamo wa 1960 ndi The Green Berets wa 1968, timangopeza ulaliki wotopetsa. Hawks ndi Ford adaona mwa iye chimene mwini wake sadafune kuchiona. Ngakhale Red River yemweyo achita mantha kumapeto: Matt Garth, mwana wolera amene adalanda ng'ombe kuti apulumutse antchito, amenyana ndi Dunson pang'ono, mkazi awakalipira, ndipo onse aseka. Ophedwa panjira aja palibe awakumbukira. Agogo adangoti, "Mlandu wotere sutha ndi kuseka."

Thangata lidathetsedwa m'malamulo mu 1962, koma aliyense wodutsa msewu wa Limbe kupita ku Mulanje angaone yekha tiyi wobiriwira m'zigwa zabwino ndi midzi yopanikizana m'matsitso. Nchifukwa chake ndikuti kanemayu atikhudza ife alembi. Hollywood idatha zaka zambiri ikusimba nkhani ya malo kuchokera pamsana pa kavalo, ndipo idaisimba mwaluso kotero kuti dziko lonse lidaombera m'manja. Nkhani yomweyo yosimbidwa ndi woima paphiri, kapena ndi wosenza dengu, ikudikirabe. Agogo anga ali ndi zaka zambiri, ndipo anzawo amene adakuwa nawo usiku uja atsala owerengeka.