Mawu Otchulira Kukwera kwa Malo pa Mapu

Aphunzitsi ambiri akamafotokoza m'Chichewa za mizere yofiirira yokhotakhota ya pa mapu, imene pa Chingerezi amati contour, amanena kuti ndi "mizere yosonyeza kutalika kwa malo kuchokera pa nyanja". Alembi ena atengera kamasuliridwe komweka. Mawuwa ndi osalala pakamwa, koma awiri mwa iwo ndi osokeretsa: kutalika ndi nyanja.

Liwu lakuti kutalika limasenza ntchito zambiri. Timati mtengo ndi wautali, chingwe n'chachitali, ndiponso ku Nayuchi n'kutali. Tikaliphatikiza ndi malo, womvera amaganiza za mtunda woyenda. Mwana wa ku Ntaja akamva zakuti "kutalika kwa malo kuchokera pa nyanja" amawerengera makilomita a pakati pa kwawo ndi Chilwa, ndipo Chichewa sanachilakwe. Mzerewo sunena zimenezo. Umalumikiza malo onse amene ndi okwera mofanana. Liwu loyenera tsono ndi kukwera. Ena amakonda msinkhu, koma msinkhu timayeza kuchokera kuphazi kukafika kumutu. Ungatiuze za phiri la Chikala kuyambira patsinde pake, koma dambo lilibe msinkhu, chikhalirecho pa mapu lili ndi nambala yake.

Vuto la liwu lakuti nyanja ndi lalikulu koposa. Mapu amayeza kuchokera pa madzi a nyanja yaikulu, yonga ya ku Nacala kumene imakathera njanji yodzera ku Liwonde ndi ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Kwa munthu wa ku Machinga, nyanja ndi Chilwa, Chiuta kapena Malombe, ndipo nyanjazi sizili pa muyezo umodzi. Chilwa ndi yokwera mamita oposa pang'ono 620, pamene Shire pa Liwonde ndi wokwera mamita pafupifupi 470. Woyeza kuchokera pa Chilwa adzapeza kuti Liwonde ali kunsi kwa nyanja ndi mamita ngati 150! Kungowonjezera kuti "yamchere" nako sikukwanira, pakuti Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, kotero madzi ake ali ndi kamchere. Tiyenera kulemba monse kuti nyanja yaikulu yamchere, ngakhale zikutalikitsa chiganizo.

Nanga mzerewo tiutche chiyani? Kubwereka n'kulemba kontuwa sikoletsedwa, koma liwulo silimuuza kanthu wophunzira. Alimi a m'malo otsetsereka a ku Machinga ndi Balaka ali nalo kale lawo. Asanagaule mizere, amayeza munda ndi chingwe ndi levulo, n'kukhoma zikhomo m'malo ofanana kukwera kwake, kenaka n'kuunda mzere wopingasa wotsata zikhomozo kuti madzi asakokolole nthaka. Mzere umenewu ndi kalozera. Ganizo lake ndi lomwelo la pa mapu, ndipo tsinde lake, kuloza, likuyenerana ndi ntchito ya mapu. Ine ndikuona kuti akalozera a pa mapu ndiwo mawu oti tiwakhazikitse. Mgula ndausiya chifukwa umakumbutsa dothi loundidwa kuposa kuyeza.

Pali kusiyana kumodzi kumene mphunzitsi sayenera kukubisa. Kalozera wa m'munda amathera m'malire; wa pa mapu amapitirira mpaka atakumana ndi pamene anayambira, ngakhale kukumanako kuchitikire pa pepala lina. N'chifukwa chake chitunda cha Kangankunde ku Balaka chimaoneka ngati mikombero, wina m'kati mwa unzake. Pa mapiri a Chaone ndi Chikala akalozera amathithikana chifukwa malowo ndi otsetsereka kwambiri, pamene m'chigwa cha Shire amatalikirana. Podutsa mtsinje wa Rivirivi amapindika ngati V, nsonga yake italoza kumtunda kumene madzi akuchokera.

Alembi asaiwalenso kutchula muyezo pambali pa nambala. Mapu akale a 1:50,000 analembedwa m'mafiti, ndipo mafiti 1,500 ndi mamita 457 okha. Wowerenga nambala yoposa 1,500 pafupi ndi Liwonde ngati mamita adzainyamula tawuniyo n'kukaiika pamwamba pa phiri la Zomba.