Beni ndi Mbiri Imene Mluzu Sunaloledwe Kuimba

Mukafuna kudziwa ngati mnyamata amautha beni, musathamangire kuyang'ana miyendo. Yang'anani nkhope. Ndinaziona izi pamchenga wa ku Chembe madzulo ena, asodzi akusoka chilimira chapatali: wotsogolera gule anali ataumitsa khosi ngati kaputeni weniweni, mluzu uli pakamwa, mamendulo a zitsekerero za mabotolo akulendewera pachifuwa, koma diso likuseka. Luso lonse lagona pamenepo, pakati pa kusirira msilikali wa mzungu ndi kumunyodola. Wovina akapendekera kumodzi, gule wafa.

Beni inachokera kugombe la Aswahili, ndipo inafalikira kuno pamodzi ndi asilikali a King's African Rifles nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. Anthu amene ananyamula katundu wa nkhondo ya eni ake anaikumbukira ndi matupi awo, mwa njira yawoyawo. Mfuti ya sitima ya Gwendolen imene ili pa boma la Mangochi imanena mbali ya Angerezi. Mapazi a beni amanena mbali yathu.

Chimene chimandiwawa ndi chimene ndale zinauchita gule ameneyu. Nthawi ya Kamuzu Banda magule ankasonkhanitsidwa pabwalo tsiku la 6 July, ndipo nyimbo zonse zinkafotokoza mbiri imodzi, ya munthu mmodzi amene anaphwanya chitaganya. Komatu m'dera lomwelino, mu February 1965, anthu a Masauko Chipembere anaukira boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, n'kukathera pa doko la Liwonde, ndipo pambuyo pake anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa kundende. Ndani akanayerekeza kuika zimenezo m'nyimbo? 

Lero beni ikaitanidwa kumsonkhano wa chipani, ng'oma zimalira bwino ndithu, mizere imaongoka, nsalu za chipani zimawala. Koma ine ndimayang'anabe nkhope ya kaputeni, ndipo kawirikawiri diso lija limakhala lili kwa bwana amene wanyamula envulopu.