ZA KALATA WA UMBONI WA MPHUNZITSI

Owerenga athu adziwa bwino kalata amene munthu atenga kwa akuru a mpingo posamukira kwina. Kalatayo anena zocepa: dzina la munthu, kumene acokera, ndi kuti alibe mlandu. Ku America kuli kalata wina wonga ameneyu, koma mphamvu yace iposa kutali, pakuti akhoza kutsegulira mwana khomo la maphunziro apamwamba kapena kumtsekera. Mwezi uno tiyeni timweruze kalata ameneyu, popeza anthu amyamika osafunsa kumene anacokera, ndiponso ana athu ena ofuna kukaphunzira kutsidya amampempha kwa aphunzitsi ao.

Macitidwe ace ndi awa. Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sekondale, akafuna malo ku koleji yochuka, atumiza zotsatira za mayeso ace, nalemba za moyo wace, napemphanso mphunzitsi mmodzi kapena awiri ndi mlangizi wa pasukulu kuti amcitire umboni. Makoleji oposa 1,000 alandira pempho limodzi lochedwa Common Application, limene linayamba mu 1975 ndi makoleji 15 okha. Pa pepala la mphunzitsi pali mizere ya timabokosi, ndipo iye aconga m'mene aonera nzeru za mwanayo, khama lace, kukhulupirika, utsogoleri, kulankhula m'kalasi, kudzidalira, ndi m'mene acitira zinthu zikamkanika. Muyeso uyambira pa mwana wocepera anzace kufikira pa mmodzi wa opambana onse amene mphunzitsiyo anawaona. Lamulo la 1974 lipatsa wophunzira ufulu wakuona zolembedwa za iye. Koma pa pempho lomwelo afunsidwa ngati alola kuusiya ufuluwo, ndipo ambiri ausiya, poopa kuti koleji ingakayikire kalata amene mwini wace akhoza kumwerenga. Motero umboni uperekedwa mseri.

Sitikana kuti muli cabwino m'menemu. Mayeso a tsiku limodzi sadziwa kuti mwana uyu agwira nchito m'sitolo kufikira usiku kuti athandize mai wace. Mphunzitsi ndiye adziwa.

Koma taonani ciyambi cace. Kale makoleji akuru a ku America ankalandira pafupifupi ali yense wokhoza mayeso ao olowera ndi wokhala nazo ndalama za sukulu. Tsono ana a Ayuda, amene makolo ao anaoloka nyanja kucokera ku Europe ali osauka, anayamba kukhoza mayesowo ndi kuculuka. Ku Harvard, mu 1922, oposa mmodzi mwa asanu a olowa kumene anali Ayuda, ndipo mu 1925 anaposa mmodzi mwa anai. Mkuru wa kolejiyo, A. Lawrence Lowell, anafuna kuika malire poyera, kuti Ayuda asapitirire 15 mwa 100. Anzace anakana, pakuti cinthuco cinali conyansa pocichula dzina. Pomwepo inapezeka njira yacete. Kuyambira mu 1926 anacepetsa malo a olowa, nati sadzayang'ananso mayeso okha, koma khalidwe la munthu, limene lidziwika mwa akalata a umboni, cithunzi ca nkhope, ndi kuceza naye. Pamene Lowell anacoka pa mpando mu 1933, Ayuda anali atatsika kufika pafupi pa muyeso womwewo umene unakanidwa poyera. Jerome Karabel anaifotokoza mbiri iyi mu 2005 m'buku lace lochedwa The Chosen, atafufuza m'makalata akale a Harvard, Yale ndi Princeton. Mau akuti khalidwe ndi okoma, ndipo palibe angawatsutse. Cifukwa cace anawasankha, pakuti munthu sangathe kukadandaula kuti khalidwe lace analiyesa molakwa.

Wina adzati, Izo nza makedzana. Iai ndithu. Mu 2014 gulu lochedwa Students for Fair Admissions linasumira Harvard, kunena kuti ikondera potsekereza ana a makolo ocokera ku Asia. Mlandu unazengedwa ku Boston mu 2018, ndipo zobisika zinaturukira pabwalo. Wopempha ali yense amapatsidwa manambala kuyambira 1, ndiye wopambana, kufikira 6, pa zinthu zinai: maphunziro, zocita za kunja kwa kalasi, masewera, ndi umunthu wace, monga kulimba mtima, kukoma mtima ndi kukondeka. Ana a ku Asia anapambana pa maphunziro, koma pa umunthu anatsalira kumbuyo kwa mitundu yonse. Odandaula anaonetsanso kuti iwo amene anaceza ndi anawo maso ndi maso anawayesa pafupifupi cimodzimodzi ndi azungu. Otsitsa nambala anali owerenga mapepala m'ofesi. Woweruza Allison Burroughs, mu 2019, sanapeza kuti Harvard inakondera dala, koma anabvomereza kuti kusiyanako kulipo, ndi kuti mwina gwero lace lina ndilo akalata a aphunzitsi ndi alangizi, amene anayamika ana a azungu moposerako pang'ono.

Apa mpamene ife aphunzitsi tiyenera kuopa. Palibe mmodzi wa olemba akalatawo amene anati, Ndimcimwire mwana uyu. Ali yense anaconga kabokosi monga mtima wace unamuuza, koma zikwi za timabokosi zitaunjikidwa pamodzi zinapendekera mbali imodzi. Pa bwalo la kwa mfumu mboni iimirira poyera, mwini nkhani ali pomwepo, ndipo akuru aifunsa, Unaona ndi maso ako kodi? Linali tsiku liti? Kalata wa mseri safunsidwa kanthu. Akuru athu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo koleji imene siinamuone mwana idalira kandimverere ameneyu.

Onaninso zimene pepalalo lifunsa. Utsogoleri, kudzidalira, kulankhula m'kalasi: zonsezi zikomera mwana wa pakamwa. Nanga uja analeredwa monga tilera athu, kuti adikire wamkuru atsirize kunena, asamyang'ane m'maso, asadzitame? Ulemu wace udzaoneka ngati kufooka. Ndiponso miyeso ya aphunzitsi siilingana. Wina ali woolowa manja, ana ace onse ali opambana. Wina ali woumira, amene kwa iye mau akuti wabwino ndiwo ciyamiko cacikuru. Wowerenga ku koleji sadziwa dzanja limene linagwira colembera.

Cina ndi ca umphawi. M'caka ca sukulu ca 2021 kufikira 2022, mlangizi mmodzi m'masukulu a boma ku America anali ndi ana 408, pamene bungwe la alangiziwo liti 250 ndiwo oyenera. Wa ana mazana anai adzalemba mizere isanu yofanana kwa onse. Wa pa sukulu ya olemera, wodziwa mau amene makoleji awakonda, adzadzaza masamba awiri. Kalata wotere ayesa cuma ca sukulu ndi luso la wolemba, mwana mwini ali pambali.

Pa 29 June 2023 bwalo lalikuru la America linagamula kuti makoleji aleke kuwerengera mtundu wa munthu posankha ophunzira. Koma akalata a umboni silinawaletse, ndipo alembedwabe. Ena sawafuna: University of California siipempha akalata otere pa pempho loyamba, ingawafune pambuyo pace kwa ena ocepa. Kumene afunidwabe, ife tikadakonda kuti timabokosi ta umunthu tifafanizidwe, ndipo mphunzitsi afunsidwe zimene mboni ifunsidwa: wamphunzitsa mwanayu zaka zingati, m'kalasi la ana angati, ndi ciani cimene anamuona akucita. Alembe kuti mtsikana uyu analephera masamu m'cigawo coyamba, nabwera masana onse miyezi itatu kufikira anakhoza. Ndipo mtsikanayo aloledwe kuwerenga zolembedwazo zisanatumizidwe.