KUUNIKA MAWU OGULITSIRA LAPUTOPU NDI MONITALA PA LIWONDE

1. Mawu oyamba

Liwonde ndi tauni ya pamphambano. Msewu wochokera ku Zomba ukawoloka Shire pa Kamuzu Barrage umagawika, wina kulowera ku Mangochi, wina ku Balaka, ndipo njanji yopita ku Nayuchi mpaka ku Nacala imadutsanso pomwepa. Malo otere salandira katundu yekha ayi, amalandiranso mawu. Masiku ano aphunzitsi, alembi a m'maofesi, ogwira ntchito zaumoyo ndiponso ophunzira a m'makoleji a ku Machinga ndi ku Balaka amafunafuna laputopu yotsika mtengo, ndipo ena mwa iwo amafuna kuilumikiza ku monitala kapena ku pulojekita. Malonda amenewa amachitika m'Chichewa, pakamwa, pa zikwangwani ndi pa WhatsApp. Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika Chichewa chimenechi, kuonetsa pamene chikulongosola bwino ndi pamene chikusokeretsa wogula.

Nkhaniyi si ya akatswiri a chiyankhulo okha. Laputopu imachokera kunja, motero mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, katundu wotere adakwera mtengo. Munthu amene wasunga ndalama miyezi yambiri, akagula chinthu cholakwika chifukwa cha liwu losalongosoka, alibe pogwira.

2. Liwu lakuti "kanema" lasenzetsedwa katundu wambiri

Vuto loyamba ndi la liwu limodzi kuimira zinthu zambiri. Filimu imatchedwa kanema, wailesi yoonetsa zithunzi ndi ya kanema, zojambula za pafoni ndi kanema, ndipo tsopano olemba ena akutcha galasi la laputopu ndi monitala yomwe kuti kanema. Wogulitsa akalemba kuti "ili ndi kanema wamkulu", wowerenga sadziwa ngati akunena za kukula kwa galasi kapena za chipangizo china chapadera.

Nkoyenera kusiyanitsa motere. Sikirini ndi galasi loonekerapo zithunzi ndi malemba, kaya ndi la foni, la laputopu kapena la wailesi ya kanema. Monitala ndi chipangizo choima pachokha, chokhala ndi sikirini, chimene chimangoonetsa zimene kompyuta yatumiza. Pulojekita imaponya chithunzi pakhoma kapena pansalu.

Ena amakana liwu lakuti monitala ponena kuti lili kale ndi eni ake, chifukwa mwana woyang'anira anzake m'kalasi ndi monitala, ndipo oimira zipani pa malo oponyera voti amatchedwanso chimodzimodzi. Chifukwa chimenechi nchosakwanira, pakuti magulu a mayina a m'Chichewa amathetsa okha chisokonezocho. Munthu akati "monitala wathu wabwera" akunena za munthu. Akati "monitala yathu yazima" akunena za chipangizo. Agwirizanitsi akugwira ntchito imene Chingerezi sichingathe. Choyenera kupewa ndicho kutsegula buku lomasulira mawu ndi kutola tanthauzo losayenera, poti liwu lomwelo m'Chingerezi limatchulanso ng'anzi, imene anthu a m'mbali mwa Shire amaidziwa bwino.

3. Kumasulira liwu ndi liwu

Vuto lachiwiri limapezeka makamaka m'zolemba zomasuliridwa mothamanga. Kabowo kolowetsamo chingwe m'mbali mwa laputopu kamatchedwa "port" m'Chingerezi, ndipo womasulira wosasamala amalemba kuti doko. Kwa munthu wa pa Liwonde doko ndi pamene bwato limakocheza. Chiganizo chakuti "laputopuyi ili ndi madoko atatu" chilibe tanthauzo kwa iye. Chikhalirecho anthu adapeza kale mawu awo: amati "baya chaja", "someka chingwe", ndipo kabowoko amakatcha pobayira kapena posomekera. Mawu amenewa ndi aafupi, omveka, ndiponso opangidwa motsata malamulo a chiyankhulo. Iwowa ndiwo ayenera kulowa m'mabuku.

Komabe liwu lakuti pobayira silikwanira palokha, chifukwa malo obayira ali a mitundumitundu. VGA, imene kampani ya IBM idatulutsa mu 1987, ili ndi timabowo 15, kawirikawiri imakhala yobiriwira ngati mtambo, ndipo imanyamula chithunzi chokha popanda mawu. HDMI, ya mu 2002, imanyamula chithunzi ndi mawu omwe. USB-C, ya mu 2014, ndiyo imapusitsa ambiri, pakuti pa malaputopu ena imatulutsa chithunzi kudzera mu njira ya DisplayPort, pamene pa ena, makamaka otsika mtengo, imangonyamula mafayilo. Maonekedwe ake ndi amodzi koma ntchito nzosiyana. Tsono wogulitsa wolemba kuti "ili ndi pobayira monitala" sadanene kanthu kufikira atatchula mtundu wake. Mayina achidule ngati amenewa asamasuliridwe kapena kusinthidwa kalembedwe, popeza wogula ayenera kuwapeza monga momwe alili pa bokosi ndi pa chingwe.

Liwu lakuti adaputala nalo likuimira zinthu zitatu: chaja ya laputopu, kachipangizo kolowetsera pulagi yachilendo mu soketi ya mabowo atatu ya kuno, ndiponso kachipangizo kolumikizira HDMI ku VGA. Chachitatuchi si cholumikizira wamba. HDMI ndi VGA zimatumiza chithunzi mu njira ziwiri zosiyana, choncho mkati mwa kachipangizoka muli tizitsulo tosintha chithunzicho, ndipo kamagwira ntchito mbali imodzi yokha. Kamene kamachokera ku HDMI kupita ku VGA sikangatembenuzidwe. Kungakhale bwino chaja itamatchedwa chaja, adaputala ikhale ya pasoketi, ndipo chachitatuchi chizitchedwa chosinthira chithunzi, potchula kumene chikuchokera ndi kumene chikupita.

4. Lichero ndi nkhokwe

Palibe liwu limene lataitsa anthu ndalama ngati lakuti "memori". Anthu adalizolowera pa kakhadi kosungira nyimbo m'foni, motero kwa ambiri memori ndi mosungira zinthu. Koma m'mabuku a makompyuta liwuli limatanthauza makamaka RAM, imene ntchito yake ndi ina. Zonse ziwiri zimayezedwa mu GB, ndipo wogulitsa wochenjera amatchula nambala yaikulu nkusiya yaing'ono. Omasulira ena adayesa mawu monga chikumbukiro, koma mawuwa sasiyanitsa ziwirizi, ndiponso RAM sikumbukira kanthu: kompyuta ikazima, zonse zimene zidali mmenemo zimafufutika.

Fanizo lothandiza lili pakhomo. Chimanga chimasungidwa m'nkhokwe, koma chimene chikupetedwa pa nthawiyo chimakhala m'lichero. Nkhokwe ingakule bwanji, lichero likachepa ntchito imachedwa. RAM ndi lichero. Mosungira mafayilo ndi nkhokwe. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi mosungira mosachepera 64 GB, koma amenewa ndi malire apansi chabe. Wofuna kutsegula mapulogalamu angapo pa masikirini awiri amathandizika ndi 8 GB. Liwu lakuti RAM lisiyidwe monga lilili, ndipo linalo likhale mosungira. Mosungira namo muli mitundu iwiri: HDD ili ndi mbale yozungulira mkati, pamene SSD ilibe chozungulira, imafulumira, ndipo imapirira kugwedezeka kwa pa kabaza ndi m'minibasi.

5. Mawu obisa chilema

Malaputopu ambiri otsika mtengo, monga a mtundu wa Dell Latitude, HP EliteBook ndi Lenovo ThinkPad, adagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja. Palibe cholakwika pa zimenezi, ndipo ambiri mwa iwo ndi olimba. Cholakwika ndi mawu akuti "ngati yatsopano", amene sauza wogula chilichonse. Chichewa chili ndi mawu okwanira kusiyanitsa magawo atatu: yatsopano, yokonzedwanso, ndi yogwirapo kale ntchito imene sidakonzedwe. Anthu akamati "ya kaunjika" amanena zoona kuposa chikwangwani.

Pano nkoyenera kuyamikira liwu limodzi limene lamasuliridwa bwino, lakuti m'badwo. Kulemba "Core i5" kokha sikuonetsa zaka za pulosesa, chifukwa dzinali lakhala likugwiritsidwa ntchito pa mibadwo yambiri. Kampani ya Microsoft idaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza la chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna, mwa zina, kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndiponso kuti pulosesa, ikakhala ya Intel, ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena wam'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Wogula wofunsa kuti "ndi ya m'badwo uti?" wadziteteza ndi liwu limene agogo ake ankalidziwa. Umu ndi mmene kufutukula tanthauzo la liwu lakale kuyenera kukhalira.

Chimodzimodzi mawu akuti "batire ili bwino" ayenera kutsatidwa ndi maola. Magetsi a dziko lino amadalira kwambiri Shire, mtsinje womwewu umene madzi ake amawongoleredwa pa Liwonde asanafike ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, anthu adaona kufunika kwa batire. Magetsi akazima monitala ya pathebulo imazima nthawi yomweyo, koma laputopu ya batire yabwino imapitiriza ntchito.

6. Dzina la chipangizo chenichenicho

Olemba ena, pofuna kupewa mawu obwereka, amalemba kuti kompyuta ya m'manja kapena kompyuta ya pamiyendo. Cholinga nchabwino koma zotsatira zake nzokayikitsa. Dzina loyambalo limawombana ndi foni ya m'manja ndi tabuleti. Lachiwirilo langotengedwa ku Chingerezi liwu ndi liwu, ndipo palibe amene amalinena pa msika. Dzina labwino limayesedwa poliika m'chiganizo: "laputopu yanga yafa", "malaputopu awiri abedwa". Liwu lobwerekali lalowa kale m'magulu a mayina monga mmene lidalowera lakuti kompyuta, makompyuta. Kuwonjezera apo, ku Machinga ndi ku Balaka anthu ambiri amayankhula Chiyao pakhomo ndi Chichewa pa malonda. Liwu lobwereka lotere limamveka mbali zonse, pamene dzina lopekedwa mu ofesi limafuna womasulira.

Pali mawu ena awiri amene akusowa dzina lokhazikika. Munthu akalumikiza monitala nadina batani la Windows pamodzi ndi P, kompyuta imamupatsa njira zinayi, ndipo ziwiri mwa izo ndi "Duplicate" ndi "Extend". Yoyamba imaonetsa zofanana pa masikirini onse awiri. Yachiwiri imasandutsa monitala kukhala gawo lowonjezera, kotero kuti kwina kuli kalata, kwina kuli ndondomeko ya ndalama. Mphunzitsi wosadziwa kusiyana kwake angathe kuonetsa mafunso a mayeso pakhoma kalasi lonse likuona. Mawu akuti kuonetsa zofanana ndi kufutukula akuoneka oyenera.

7. Kalembedwe

Liwu limodzi likulembedwa mosiyanasiyana: sikirini, sikilini, skrini, laputopu, lapitopu, laptop, batire, batile. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa ali ndi yankho. Phatikizo la m'Chichewa limathera ndi lembo la liwu, choncho skrini ndi laptop sizikugwirizana ndi katchulidwe ka chiyankhulo. Lembo la r limatsata i kapena e, pamene l amatsata a, o ndi u. Motero kolondola ndi sikirini, batire, monitala, pulosesa, pulojekita ndi adaputala. Pakati pa laputopu ndi lapitopu, loyambalo ndilo lazolowereka m'zolemba ndipo liyenera kutsatidwa. Mayina a makampani, monga Dell ndi Lenovo, asasinthidwe.

8. Mawu otsiriza

Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, amene adaunikidwanso mu 1980 ndi mu 1990. Litathetsedwa mu 1995, ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, yomwe idayamba mu 1996 ndipo idakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000. Bukuli lidatuluka HDMI ndi USB-C zisanabadwe. Pa mpata umenewu anthu a pamsika sadadikire. Adapanga mawu awo, ena abwino, ena osokeretsa.

Ntchito ya ofufuza mawu tsono ndi yopeta. Mawu amene anthu adapanga bwino, monga pobayira ndi m'badwo, alembedwe ndi kufalitsidwa. Obwereka amene akhazikika, monga laputopu, monitala ndi sikirini, alembedwe motsata malamulo. Mayina achidule, monga RAM, SSD, HDMI ndi VGA, asiyidwe monga alili koma alongosoledwe m'Chichewa. Omasulira mwachisawawa, monga doko, atayidwe. Kufufuzaku kuyenera kuchitikira kumene malonda akuchitikira, kwa okonza makompyuta ndi ogulitsa zingwe a pa Liwonde, pa Balaka ndi pa Ntaja, poti ndiwo amene amamva tsiku ndi tsiku liwu limene wogula walimvetsa ndi limene lamusokoneza. Owerenga amene amva mawu ena kumadera kwawo akupemphedwa kuwatumiza kwa akonzi, pamodzi ndi ziganizo zoonetsa mmene akugwiritsidwira ntchito.