Tchiri wa Elias Mandala

Pa chikuto cha buku lake la 1990, Work and Control in a Peasant Economy, Elias Mandala sanalembe kuti Shire. Analemba Tchiri, monga momwe eni chigwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje amatchulira mtsinje wawo. Dzinalo likukuuzirani kale komwe wolembayu waima: mbiri ya chigwachi kuyambira 1859 mpaka 1960 akuiona ali m'dimba, osati ali pa sitima ya David Livingstone.

Livingstone atafika kuno mu 1859 anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo, akuomba nsalu za thonje lawolawo, amayi akuphika mchere kuchokera ku dothi. Chigwachi chinali ndi mafakitale ake, kungoti analibe zipupa za njerwa. Mandala akutsata momwe zinthuzi zinafera: nkhondo zogwira akapolo, chilala ndi njala ya 1862 mpaka 1863, kenako ulamuliro wa Makololo omwe Livingstone anawasiya, monga Kasisi ndi Chipatula. Pofika nthawi ya atsamunda, zidzukulu za anthu oomba nsalu zinali zikulima thonje loti likaombedwe ku Britain.

Pomwe bukuli likundigwira mtima ndi pa mawu awiri, dimba ndi mphala. Dimba ndi nthaka ya m'mbali mwa mtsinje yomwe imalimidwa madzi akaphwa. Mphala ndi kumtunda kodalira mvula. Banja lokhala ndi zonse ziwiri linkakolola kawiri, ndipo mvula ikakana linkathawira ku chinyontho cha dimba. Thonje la m'chigwachi linakula bwino chifukwa cha dimba lomweli. Ndiye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera, Tchiri anasefukira, madimba ambiri namira kwa zaka. Thonje linakankhidwira ku mphala komwe mbozi zinalipeza, ndipo amuna ambiri anayamba ulendo wokafuna ntchito kunja. Olemba mbiri ena akadayamba ndi bwanamkubwa ndi malamulo ake. Kwa Mandala mtsinje nawo ndi mfumu, imagawa minda ndi kulanda. Amene anaona madzi a 2015 kapena namondwe Freddy mu 2023 sangatsutse.

Dandaulo langa loyamba ndi chaka chomwe nkhaniyi yathera. Mu 1960 ku Nchalo kunalibe nzimbe; kampani ya shuga ya SUCOMA, ya Lonrho, inabwera chapakati pa zaka za m'ma 1960, ndipo Illovo inaitenga mu 1997. Woyenda m'chigwachi lero chomwe amaona ndi minda ya nzimbe, fakitale, nyumba za antchito, ndi njanji yomwe madzi anaidula pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997. Funso la Mandala, loti amalamula thukuta la mnzake ndani, lafika pachimake pamalo amenewa, koma bukuli likutsanzika nkhaniyo isanayambe. Sitingamuimbe mlandu wolemba chifukwa cha malire omwe anadziikira yekha, komabe munthu umatseka buku uli ndi njala.

Lachiwiri ndi chilankhulo. Zambiri zomwe zili m'bukuli zinachokera pakamwa pa agogo a m'midzi, koma zinakathera m'Chingerezi cha ku yunivesite, chosindikizidwa ku Wisconsin. Mphunzitsi wa ku Ngabu angalipeze kuti? Womasulira atati alibweze kwawo, liwu la pa mutu loti "peasant" lingamuvutitse, chifukwa "mlimi wamba" silinyamula zonse: silinena za msonkho, kapena za msika womwe mtengo wake amaika ndi ena. Koma akafika pa zaka za m'ma 1950, pomwe boma linkakakamiza anthu kuunda mizere m'minda yawo iwo nakana, ntchito ingamupepukire. Anthu a m'chigwachi anaipatsa kale dzina nthawi imeneyo, nkhondo ya mitumbira, ndipo Mandala analisunga momwemo.