Nthano yokoma ya UFC amailipira ndani?

Anthu akamakangana kuti chabwino nchiti pakati pa nkhonya ndi MMA, kawirikawiri amakangana za minofu. Wina amati wankhonya ndiye mmisiri, zida zake ndi manja awiri basi koma amawadziwa bwino. Wina amati ayi, munthu amene amasowa chochita akangomutchera ndale n'kugwa chagada si womenya ameneyo. Ine mkangano umenewu unanditopetsa, chifukwa yankho lake linapezeka kalekale ndipo ndi losasangalatsa: amapambana ndi mwini bwalo.

Mu Ogasiti 2010, James Toney, katswiri wankhonya yemwe anatengapo malamba m'magulu atatu a kulemera, analowa m'chikhola cha UFC ku Boston, momwe amaloleza mateche, mawondo, zigongono ndi kulimbana pansi. Randy Couture, bambo wa zaka 47, anangomugwira mwendo, kumugwetsa, kumukanyanga pakhosi, nkhani n'kuthera mu raundi yoyamba. Mu Ogasiti 2017 zinatembenuka. Conor McGregor wa UFC anavala magolovesi a nkhonya ku Las Vegas, ndipo Floyd Mayweather, ali ndi zaka 40, anamulola kutaya mphamvu zake zonse kenako n'kumumaliza mu raundi ya 10. Aliyense ndi tambala pakhomo pake.

Mpikisano weniweni uli pa maso athu, ife owonera. Ndipo poti pano timakamba za zolembalemba, ndinene mosabisa kuti chomwe masewero awiriwa amagulitsa ndi nthano. Chibakera chimatenga kamphindi, koma chomwe chimakudzutsa pakati pa usiku ndi kukuthera bandulo ndi kufuna kudziwa kuti nkhani ija ithera pati.

Pa nthano, UFC inaiposa nkhonya, ndipo chifukwa chake nchosavuta: wolemba ndi mmodzi. Kampani ndi imodzi, lamba ndi mmodzi pa gulu lililonse, ndipo Dana White ndi anzake akaganiza kuti uyu amenyane ndi uyu, kawirikawiri zimachitikadi. Ngwazi ikagonja sikhala kuti yatha, imabweranso mutu wotsatira. Munthu amene wayamba kuwonera lero, pakatha mwezi amakhala akudziwa kale kuti mfumu ndi ndani, akuiwopseza ndi ndani.

Nkhonya ili ngati mudzi umodzi wokhala ndi mafumu anayi, aliyense ndi chipewa chake ndi nduna zake. WBA, WBC, IBF ndi WBO, aliyense amapereka lamba wake n'kumati uyu ndiye katswiri wa dziko lonse. Pamwamba pa apo pali mapulomota, aliyense akuteteza mwana wake kuti asagonje, chifukwa mu nkhonya kusagonjapo ndi katundu wogulitsa. Akuluakulu anati atambwali sametana, ndipo mwambi umenewu ukanakhala pa chikwangwani cha ofesi ya pulomota aliyense. Mayweather ndi Manny Pacquiao anayamba kukambirana mu 2009, anakumana mu Meyi 2015, wina ali ndi zaka 38 wina 36. Anthu oposa 4 miliyoni ku America analipira kuti awonere pa TV, ndipo ambiri anadzuka m'mawa akumva ngati agula nsomba ya dzana. Gulu la heavyweight linakhala zaka pafupifupi 25, kuchokera pa Lennox Lewis mu 1999 mpaka pa Oleksandr Usyk mu Meyi 2024, lopanda munthu mmodzi yemwe onse angamuloze kuti mfumu ndi iyi. Wolemba nkhani atakuchita zotere, buku lake ungalisiye pakati.

Mpaka apa ndili mbali ya UFC. Koma wolemba mmodzi uja mphamvu zake amazitenga kuti? Anthu a m'buku sakana zomwe wolemba wawalembera, sapemphanso malipiro. Anthu a m'chikhola ali ndi ana ndi lendi. UFC imatha kulamula kuti akatswiri akumane chifukwa akatswiriwo alibe kwina kofanana nako koti apite. Kampani yomwe inagulidwa ndi madola 2 miliyoni mu 2001 inagulitsidwa pa madola pafupifupi 4 biliyoni mu 2016. Pa mlandu womwe omenya akale anaisumira ku America, zikalata zinasonyeza kuti gawo lopita kwa omenya linkakhala cha m'ma 20 peresenti kapena kucheperapo pa ndalama zonse zolowa. Mlanduwo unatha pogwirizana kuti kampani ipereke madola 375 miliyoni. Ku America komweko kuli lamulo la mu 2000 lotchedwa dzina la Muhammad Ali, lomwe limakakamiza pulomota kuululira wankhonya ndalama zomwe iye pulomotayo akupeza pa nkhonyayo. Lamulo limeneli silikhudza MMA.

Munthu amene anaonetsa zonsezi poyera ndi Francis Ngannou. Mbiri yake mkonzi akanaibweza kuti yanyanya: mwana wa ku Batié ku Cameroon, wokumba mchenga kuyambira ali wamng'ono, yemwe anadutsa chipululu cha Sahara, n'kutsekeredwa miyezi iwiri ku Spain, n'kumagona panja ku Paris. Anapita ku Ulaya akufuna nkhonya, poti ankasirira Mike Tyson, koma chitseko chomwe chinatseguka chinali cha MMA. Mu Malichi 2021 anakomola Stipe Miocic n'kutenga lamba wa heavyweight wa UFC. Chaka chimenecho malamba atatu a UFC anali m'manja mwa ana obadwira mu Africa: iyeyo, Kamaru Usman ndi Israel Adesanya. UFC inaigulitsa nkhani imeneyi bwino kwambiri, ndipo ife tinaigula.

Kenako munthu wa m'nthano uja anayamba kuyankhula zake. Pa nkhondo yoteteza lamba yolimbana ndi Ciryl Gane mu Januwale 2022, malipiro ake olembedwa anali madola 600,000. Pokambirana kontirakiti yatsopano, iye akuti anapempha zinthu monga inshuwalansi ya chipatala ya omenya, ufulu wodzipezera makampani omuthandiza, ndi mwayi wokamenya nkhonya. Mu Januwale 2023 anachoka, lamba n'kumusiya pa tebulo osagonja. A UFC anati anamulonjeza ndalama zambiri ndipo iye ankangofuna adani ofewa. Ambiri pa intaneti anamuseka kuti wataya bomwetamweta.

Mdani wofewa uja anadzakhala Tyson Fury, mwini lamba wa WBC, yemwe anali asanagonjepo. Pa 28 Okutobala 2023 ku Riyadh, Ngannou, pa nkhonya yake yoyamba yolipidwa, anamugwetsa Fury mu raundi yachitatu ndi dzanja lamanzere. Majaji awiri anapatsa Fury, 96-93 ndi 95-94, mmodzi anapatsa Ngannou 95-94. Okonda MMA anakuwa kuti nkhonya yafa, yaikidwa m'manda. Pa 8 Malichi 2024, mumzinda womwewo, Anthony Joshua anamugwetsa katatu ndipo kachitatuko, mu raundi yachiwiri, Ngannou anagona osadziwa komwe ali. Okonda nkhonya nawo anakuwa. Magulu onse awiri anaphonya chomwe chinali patsogolo pawo: mfumu ya UFC, kuti ipeze malipiro aakulu pa moyo wake, inachita kuchoka kwawo n'kukagonja kawiri pa masewero a eni. Mwaonanso kuti McGregor naye anapita komweko? Njira imeneyi anthu otchuka amayenda molowera kumodzi.

Sindikunena kuti nkhonya ndi paradaiso, ayi. Ndalama zake zimaunjikana pa anthu ochepa a pamwamba, ndipo mnyamata womenya koyambirira holo isanadzaze amapita kwawo ndi zochepa zedi. Koma chisokonezo chomwe chimatinyansa ife owonera ndi chomwenso chimapatsa wankhonya mpata wonena kuti ayi, ndalamazi zachepa, ndikafunsa kwina. Mafumu anayi ndi makomo anayi. Isaac Chilemba wa ku Blantyre, atakulira ntchito yake ku South Africa, anafika mpaka ku Ekaterinburg mu Julayi 2016 kukalimbirana malamba atatu ndi Sergey Kovalev, n'kumaliza maraundi onse 12 ngakhale anagonja. Anafika kumeneko popanda bwana mmodzi woti akamukana ndiye kuti dziko lonse lamukana.

Chomwe chikundidetsa nkhawa tsopano nchakuti nkhonya nayo yapeza wolemba. Ndalama za Saudi Arabia, kudzera mwa Turki Alalshikh, zachititsa kuti atambwali ayambe kumetana, Usyk ndi Fury akumane kawiri m'chaka chimodzi, ndipo ine ndinasangalala ngati wina aliyense. Mu 2025 Alalshikh anagwirizana ndi eni ake a UFC kuti akhazikitse kampani ya nkhonya, Dana White ali kutsogolo. Mu Seputembala chaka chomwecho White ndi amene anali pulomota wa nkhonya ya Canelo Álvarez ndi Terence Crawford ku Las Vegas, yomwe inaonetsedwa pa Netflix. Ndipo ku nyumba ya malamulo ya America kunalowa bilu yofuna kulola kampani imodzi kukhala ndi malamba ake ndi mndandanda wake wa akatswiri, monga imachitira UFC. Biluyo anaipatsanso dzina la Muhammad Ali.