Kalembedwe ka Masiku ndi Nthawi m'Mapulogalamu a Pafoni

M'chaka cha 2011 bungwe la VillageReach, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayambitsa ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni m'boma la Balaka. Mwa zina, amayi oyembekezera ankalandira mauthenga olingana ndi msinkhu wa pakati pawo. Ntchito yotere imadalira tsiku lolembedwa molondola. Akuluakulu adati tsiku limodzi siliwoza mbewa, koma pa nkhani ya sikelo ndi katemera kusokoneza tsiku kungaphonyetse mwana chithandizo. N'chifukwa chake tiyenera kuunika m'mene Chichewa chikulembedwera m'mapulogalamu otere.

Poyamba tizindikire kuti pulogalamu yabwino sisunga mawu oti "Lachitatu pa 5 Malichi". Imasunga manambala. Nkhokwe ya SQLite, imene imapezeka m'mafoni a Android, ilibe malo apadera a masiku. Wokonza pulogalamu amasankha kulemba 2025-03-05, motsata lamulo la ISO 8601 la m'chaka cha 1988, kapena kusunga chiwerengero cha masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Mawu a Chichewa amadza pambuyo, posonyeza tsikulo kwa wowerenga. Apa ndi pamene pagona zolakwa zimene ife eni chiyankhulo tingakonze.

Cholakwa choyamba chili pa mayina a masiku. Masiku athu anayi ali ndi nambala m'kati mwake: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu. Kuwerenga kwathu kumayambira pa Lolemba, ndipo lamulo la ISO 8601 limateronso. Koma mapulogalamu ena amapatsa Lamulungu nambala 1. Womasulira wosasamala akaona 3 amalemba "Lachitatu", chikhalirecho tsikulo ndi Lachiwiri. Vuto lina ndi la kufupikitsa. Angerezi amadula dzina la tsiku pa zilembo zitatu zoyamba. Tikawatsanzira, masiku anayi aja onse amakhala "Lac", ndipo palibe angawasiyanitse. Ife tikuganiza kuti kufupikitsa kuchokere pa tsinde la mawu: Lem, Wir, Tat, Nay, San, Wer, Mul.

Cholakwa chachiwiri chili pa miyezi. M'zolembedwa zathu timapeza Okutobala ndi Okotobala, Sepitembala ndi Seputembala, nthawi zina m'chikalata chimodzi chomwe. Munthu amamva kuti ndi mwezi umodzi, koma makina akamafufuza mawu amaona miyezi iwiri. Ena pothawa vutoli amangolemba 05/03/2025. Kwa ife ili ndi tsiku lachisanu la Malichi, pamene foni yotcheredwa pa kalembedwe ka ku America imawerenga 3 Meyi. Mayi angauzidwe kupita kusikelo patapita miyezi iwiri. Choncho dzina la mwezi lilembedwe m'mawu, ndipo kalembedwe kake kakhale kamodzi.

Cholakwa chachitatu chili pa mawu oti "usiku". Nthawi ya Malawi ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya UTC, imene nkhokwe zambiri zimatsata. Tiyerekeze kuti mwana wabadwa ku Liwonde, m'boma la Machinga, 1 koloko usiku pa 5 Malichi. Pa nthawi ya UTC ndi 11 koloko usiku pa 4 Malichi. Ngati pulogalamu siibweza maola awiriwo, mwanayo amapatsidwa tsiku lobadwa lolakwika. Komanso m'chiyankhulo chathu usiku umatengera tsiku limene dzuwa lalowa. Agogo a mwanayo adzati anabadwa usiku wa Lachiwiri, pamene pa kalendala kwacha kale Lachitatu. Womasulira fomu asangolemba "usiku". Alembe ola ndi tsiku pamodzi, ndipo funso lifunse ngati pakati pa usiku panali patadutsa.

Tisaiwalenso mawu oti "mawa" ndi "m'mawa". Pafoni anthu amasiya chizindikiro cha nkhodolero, ndipo mawu awiriwa amasokonezana. Ngakhale atalembedwa bwino, uthenga woti "bwerani mawa" ungawerengedwe patapita masiku chifukwa foni inalibe moto. Uthenga wolondola uti: "Bwerani Lachitatu pa 5 Malichi, 8 koloko m'mawa."

Anzathu alembi, akonzi ndi aphunzitsi, okonza mapulogalamu amatenga Chichewa chimene apeza m'mabuku ndi m'nyuzipepala zathu. Tikalemba mosiyanasiyana, iwonso adzatero. Akonzi akhale ndi mndandanda umodzi wa mayina a miyezi ndi masiku. Aphunzitsi aphunzitse ana kulemba tsiku, mwezi m'mawu, kenaka chaka. Omasulira asalandire ntchito popanda kuona m'mene mawu awo akuonekera pafoni yeniyeni.